Munthu Akatisiya: Mafunso ndi Mayankho pa za Chisoni ndi Mawu Amene Timauzana

Mafunso ali m'munsiwa ndi aja anthu amafunsa motsitsa mawu, khamu litabalalika. Ena ndi a ofedwa eni ake. Ena ndi a abwenzi amene akufuna kuthandiza koma pakamwa pawauma. Inenso ndinaika mayi anga, ndipo mpaka lero ndimakumbukira mawu amene anandigwira dzanja ndi mawu amene anandikankha.

N'chifukwa chiyani kunena kuti "wafa" kumalemera pakamwa?

Chifukwa ndi mawu ouma. Timati nkhuku yafa, galimoto yafa, foni yafa. Munthu timati wamwalira, watisiya, watsogola, watsirizika, wapuma, watsikira kulichete. Wobweretsa uthenga amayamba ndi "kwagwa zovuta" kuti womvayo ayambe wakhazika mtima pansi dzina lisanatchulidwe. Amene dzulo tinkamuitana ndi dzina lake lokha, lero wasanduka malemu, ndipo achibale ake safuna kumva wina akuti mtembo. Amati thupi.

Si mantha okha ayi. Liwu lililonse lili ndi chimene likunena. "Watisiya" likukamba za ife otsala, ndipo kusiya komweko n'kumene kwabala mawu oti wamasiye. "Watsogola" likuti njira ndi imodzi, ife tikubwera m'mbuyo. "Wapuma" limakhala bwino pa munthu amene wazunzika ndi matenda nthawi yaitali, koma silikwana pa mnyamata amene wachita ngozi akuchokera kusukulu. Kwa ine, liwu loona kuposa onse ndi loti kufedwa. Womwalira ndi wina, koma amene zamuchitikira ndiwe. Chinenero chathu chinazindikira kale kuti imfa imagwera anthu awiri, wopitayo ndi wotsalayo.

Mukamacheza ndi wofedwa, mvetserani liwu limene iye akugwiritsa ntchito, inu mutsatire lomwelo. Alipo ena amene amanena mosapsatira kuti "mwana wanga anafa", chifukwa mawu ofewa akuwamveka ngati bodza. Musawakonze.

Nanga mwana wamng'ono ndimuuze ndi mawu ati?

Apa ndi pamene mawu ofewa aja amatigwetsa. Mwana wosakwana zaka 5 amaona imfa ngati chinthu chobwezeka, ngati munthu wopita kuntchito amene madzulo abwera. Ana ambiri amayamba kumvetsa pakati pa zaka 5 ndi 7 kuti womwalira sabwerera, kuti thupi lake lasiyiratu kugwira ntchito, ndiponso kuti imfa imafikira wamoyo aliyense. Asanafike pamenepo, amatenga mawu athu mmene tawanenera.

Mukamuuza kuti "agogo agona", mwana adikira kuti adzuke, kapena ayamba kuopa tulo. Mukati "bambo apita ulendo", azikhala pakhomo kuyang'ana kumsewu, ndipo akaona kuti sakubwera aganiza kuti amuthawa. Mukati "tawataya", akufunsani kuti bwanji simukupita kukawafuna. Mukati "Mulungu wawatenga chifukwa anali munthu wabwino", musadabwe akayamba kuchita makani, poopa kuti nayenso akakhala wabwino atengedwa.

Muuzeni zoona m'mawu ochepa, mutamunyamula kapena mutamugwira dzanja: "Agogo amwalira. Thupi lawo lasiya kugwira ntchito. Sakupuma, sakumva kuwawa, sakumva njala, ndipo sabweranso." Ngati anadwala, onjezerani kuti anali matenda aakulu kwambiri, osiyana ndi chimfine chimene iye amadwala. Za chikhulupiriro chanu mungamuuze pambuyo pake, maziko amenewa ataikidwa kale.

Adzafunsa funso lomwelo mawa ndi mkuja. Sikuti sanamve. Akuyesa ngati yankho lisintha. Adzathamanganso kukasewera patangopita mphindi zochepa, ndipo musaganize kuti sizinamukhudze, chifukwa ana amamwa chisoni pang'onopang'ono. Chinthu chimodzi musaiwale kumuuza ngakhale asanafunse: si iye wachititsa. Ana ambiri amasunga mumtima kuti mawu oipa amene ananena tsiku lina atakwiya ndi amene anapha munthuyo.

Ndikafika kwa wofedwa ndinene chiyani?

"Pepani." Liwu limeneli silitanthauza kuti mwalakwa. Likungoti katundu amene mwasenzayo ndamuona. Mukatero khalani pansi. Ngati muli ndi china choona, nenani: "Ndilibe mawu." "Ndinkawakonda." "Sindidzaiwala tsiku limene anandithandiza." Pakakhala chete musafulumire kudzazapo. Bata limasautsa mlendo, osati wofedwa.

Pa nkhani ya thandizo, mawu oti "mukafuna chilichonse mundiuze" ndi okoma koma nthawi zambiri amathera pomwepo. Munthu amene mutu wake wazizira sangakhale pansi n'kumagawa ntchito. Nenani chinthu chimodzi ndi tsiku lake: "Ndibwera Lachinayi kudzachapa." "Ana ndikawatenga ine kusukulu sabata ino." Ndipo mubweredi.

Ndi mawu ati amene amapweteka ngakhale wonena ali ndi mtima wabwino?

Oyamba ndi onse oyamba ndi "bola". Bola anakula. Bola sanavutike. Bola muli ndi ana ena. Mayi amene wataya mwana mmodzi sawerenga otsala n'kupeza kuti masamu akwana. Mwana aliyense anali ndi kaitanidwe kakekake koti "amayi", ndipo kameneko kapita.

Ena ndi aja othamangitsa munthu: "Mukadali wamng'ono, mudzakwatiwanso." "Mudzabereka wina." "Ingoiwalani, madzi akatayika saoleka." Mwambiwo ndi woona, koma wofedwa akudziwa kale kuti madziwo saoleka. N'chifukwa chake akulira.

"Limbani mtima" ndi mawu amene tonse tanenapo, ndipo sindiwaponya kutali, chifukwa nthawi zina amatanthauza kuti musagwe, tili pano. Koma akanenedwa kwa munthu amene wangoyamba kugwetsa misozi, iye amamva kuti "tontholani, mukutisowetsa mtendere". Choipa kwambiri ndi kuuza kamnyamata ka zaka 10 kuti "tsopano ndiwe bambo wa nyumba ino, usalire". Walandidwa kawiri: imfa yamulanda kholo, inu mwamulanda ubwana.

"Ndikudziwa mmene mukumvera" nawonso ndi mawu oyenda nawo mosamala. Ngakhale nonse munafedwa amuna, simunafedwe mwamuna mmodzi yemweyo.

Nanga "chinali chifuniro cha Mulungu"? Ine ndimaona chonchi: mawu omwewo amakhala mankhwala m'kamwa mwa wofedwa, koma chikwapu m'kamwa mwa mlendo. Mayi wamasiye akanena yekha, patapita masiku akulimbana nazo, ndi chikhulupiriro chake chikulankhula ndipo chimamuchirikiza. Inu mukamuuza tsiku loyamba, mwamutseka pakamwa asanafunse n'komwe funso loti "chifukwa chiyani", limene ngakhale anthu opemphera kwambiri amafunsa. Mulekeni afike yekha pa mawu amenewo. Akafika, vomerezani naye.

Kutchula dzina la malemu si kutosa bala?

Ayi. Simungakumbutse munthu chinthu chimene sanaiwale n'kamphindi komwe. Chimene ofedwa ambiri amaopa ndi tsiku limene dzinalo lidzasiye kumveka. Mayi anga atamwalira, anthu ankasintha nkhani ndikangowatchula, ndipo zinkakhala ngati akuwaikanso kachiwiri. Amene anandithandiza kwenikweni ndi mnzawo wina wakale amene anandiuza mmene ankasekera ali mtsikana. Ndinalira, inde, koma misozi yake inali ina. Ngati mukukayika, funsani: "Mukufuna tikambe za iwo?" Akakana, lemekezani, ndipo mudzafunsenso tsiku lina.

Sindinalire. Kodi ndiye kuti sindinkawakonda?

Misozi si muyeso wa chikondi. Ena amachita dzanzi masiku oyamba, n'kumayendetsa zonse ngati makina, kenaka n'kudzagwa patapita miyezi chifukwa chongoona malaya a malemu pa chingwe. Ena chisoni chawo chimatulukira m'manja: kukonza, kulipira, kusamala otsala. George Bonanno wa pa yunivesite ya Columbia ku New York, amene watsatira moyo wa ofedwa kwa zaka zambiri, anapeza kuti anthu ochuluka amapitiriza kugwira ntchito ndi kusamala mabanja awo ngakhale mtima ukuwawa, ndipo kutero si chizindikiro choti akubisa matenda. M'banja limodzi, wolira mokweza ndi wolira chamumtima asaweruzane. Maukwati ena amagwedezeka mwana akamwalira chifukwa cha chimenechi: mayi akuganiza kuti bambo sizikuwakhudza, bambo akuganiza kuti akalira nyumba igwa.

Ndinamva kuti chisoni chili ndi masitepe asanu. Ine ndili pa liti?

Mwina simuli pa lililonse, ndipo palibe cholakwika. Masitepe amenewa anawafotokoza dokotala wa ku Switzerland amene ankagwira ntchito ku America, Elisabeth Kübler-Ross, mu 1969: kukana kuti zachitika, mkwiyo, kunyengerera kuti zisinthe, kukhumudwa kwakukulu, ndi kuvomereza. Koma iye anawatenga pocheza ndi odwala amene anauzidwa kuti imfa yawo yayandikira, osati ofedwa. Anthu anadzawasamutsira kwa ofedwa pambuyo pake, n'kuwasandutsa makwerero oti ukwere limodzi ndi limodzi mpaka utafika pamwamba.

Kafukufuku sanatsimikize kuti anthu amadutsa m'ndondomeko yotere. Mungavomereze Lolemba, Lachitatu n'kudzuka muli ndi mkwiyo. Mungakhale osakwiya n'komwe. Mayina asanuwo ndi othandiza pokupatsani mawu otchulira zimene mukumva. Akayamba kukupangitsani kuganiza kuti mukulephera mayeso, asiyeni.

Thupi langa likuwawa, ndikuiwalaiwala, tulo sindikupeza. Izi n'zachisoni kapena ndikudwala?

Chisoni chimakhala m'thupi. Mu 1942 moto unabuka m'nyumba ya zisangalalo yotchedwa Cocoanut Grove mumzinda wa Boston ku America n'kupha anthu 492. Dokotala wa maganizo Erich Lindemann anacheza ndi achibale a ena mwa anthuwo pamodzi ndi ofedwa ena, ndipo mu 1944 analemba zimene anaona: chisoni chimabwera ngati mafunde otenga mphindi 20 mpaka ola limodzi, pakhosi pamathina, mpweya umabanika, munthu amangousa moyo, m'mimba mumamveka ngati mulibe kanthu, miyendo imafooka. Aliyense amene anafedwapo akawerenga zimenezi amagwedeza mutu. Kuiwala kumene mwaika makiyi, kuwerenga mzere umodzi katatu, kusowa chilakolako cha chakudya, zonsezi zimayenda ndi chisoni, ndipo zimachepa pang'onopang'ono.

Koma si ululu uliwonse woyenera kuupirira. Pali vuto la mtima lotchedwa takotsubo, limene madokotala a ku Japan analifotokoza mu 1990. Munthu akadzidzimuka kwambiri, chipinda chachikulu chopopa magazi cha kumanzere kwa mtima chimafooka mwadzidzidzi n'kufufuma. Limagwira kwambiri amayi achikulire, ndipo ambiri amachira pakapita masabata angapo, koma zizindikiro zake n'zofanana ndi za mtima umene mitsempha yake yatsekeka. Choncho chifuwa chikakugwirani ngati mwatsamiridwa ndi mwala, kapena mpweya ukamaperewera osasiya, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a shuga, a BP kapena ena, musadumphitse. Masiku a maliro ndi amene anthu amaiwala kwambiri.

Nthawi zina ndimamva mawu awo, kapena ndimaona ngati adutsa. Mutu wanga uli bwino?

Uli bwino. Mu 1971 dokotala wina wa ku Wales, W. Dewi Rees, anafalitsa zimene anapeza atafunsa amayi ndi abambo amasiye 293. Pafupifupi theka ananena kuti anamvapo ngati mnzawo womwalirayo ali pafupi, ena anamva mawu ake, ena anamuona. Ambiri zinkawatonthoza, ndipo ambiri anali asanauzepo munthu. Maganizo amene akhala zaka 30 akuyembekezera kumva mapazi a munthu pa ola lakuti sasiya kuyembekezera tsiku limodzi.

Kale akatswiri ankaphunzitsa kuti kuchira ndi kudula chingwe chokumangirirani kwa womwalira. Mu 1996 Dennis Klass, Phyllis Silverman ndi Steven Nickman anasonkhanitsa umboni wosonyeza kuti ofedwa ambiri sadula chingwecho, amangochimanga mwa njira ina. Amalankhula ndi chithunzi, amadzifunsa kuti "bambo akanati chiyani pamenepa", amasunga chizolowezi china cha malemu. Zikayamba kukuopsani, kapena mawuwo akamakuuzani kuti mudzivulaze, pamenepo kaonaneni ndi dokotala.

Dzulo ndinaseka, kenaka ndinadzimva wolakwa. Kodi ndayamba kuwaiwala?

Simunawaiwale. Akatswiri a maganizo Margaret Stroebe ndi Henk Schut a ku Utrecht ku Netherlands anafotokoza mu 1999 kuti wofedwa amayenda uku ndi uku pakati pa zinthu ziwiri: kuyang'ana chimene wataya, ndi kuyang'ana moyo umene watsala. Ola lino akulira atagwira chithunzi, ola linalo akuphunzira kulipira mabilu amene malemu ndiwo ankalipira, kapena akuseka ndi mdzukulu. Kupuma pa chisoni ndi mbali ya chisonicho. Palibe amene angayang'ane dzuwa tsiku lonse.

"Ndikanadziwa" sakundichoka m'mutu. Nditani?

Ndikanapita nawo kuchipatala msanga. Ndikanayankha foni ija. Ndikanapanda kukalipa m'mawa uja. Mawu amenewa amabwera usiku, ndipo ali ndi chinyengo chimodzi: akukuzengani mlandu ndi nzeru zimene mwapeza lero pa zimene munachita musakudziwa. Chakudza sichiyimba ng'oma. Tsiku limenelo linali tsiku wamba kwa inu, ndipo munachita zimene munthu amachita pa tsiku wamba.

Nenani "ndikanadziwa" wanuyo mokweza kwa munthu amene sangakuduleni ndi "musaganize choncho". Nthawi zambiri akatuluka pakamwa amachepa mphamvu. Ngati palidi chimene munalakwitsa, chilembeni m'kalata yopita kwa malemu, mupepese m'mawu anu. Sangaiwerenge, koma inu mudzakhala mutanena.

Palinso china chimene anthu amachita nacho manyazi: kumva ngati wapumula munthu amene unkamudwazika kwa zaka atamwalira, kapena kusamva chisoni kwenikweni ndi imfa ya kholo limene linkakuzunza. Zimenezi zimachitika, ndipo sizikupangani munthu woipa. Mungapumule ndi kumusowa nthawi imodzi.

Bwanji imfa zina anthu sazipepesa?

Kenneth Doka, katswiri wa ku America, analemba mu 1989 za chisoni chimene anthu ozungulira sakupatsa chilolezo choti ulire. Mayi amene wapita padera amauzidwa kuti "sanali munthu n'kale", pamene iye anali atayamba kuganizira dzina. Bambo wa mwanayo safunsidwa n'komwe. Chibwenzi chimene sichinafike pa ukwati, mkazi amene ukwati unatha kalekale, mnzako wa pamtima amene si m'bale, onsewa amalira chobisala poopa kufunsidwa kuti "iwe zikukukhudza chiyani".

Achibale a munthu amene anadzipha amasenza zambiri: chisoni, mafunso opanda yankho, ndi maso a anthu. Musawafunse kuti zinachitika bwanji kapena kuti simunaone zizindikiro. Munthuyo anali ndi moyo wonse kusanachitike za tsiku limodzilo. Kambani za moyowo.

Pauline Boss, katswiri wa za mabanja wa ku America yemwe anayamba ntchito yake m'zaka za m'ma 1970 ndi mabanja a asilikali osowa pa nkhondo, anatchula mtundu wina: kutaya kosatsimikizika. Munthu wasowa ndipo thupi lake silinapezeke, kapena ali pomwepo koma matenda oiwala amulanda mpaka sakukuzindikirani. Pamenepa ngakhale mawu amasowa. Sungati malemu, sungati alipo. Amene ali m'zimenezi musawakakamize kusankha liwu limodzi.

Chisoni chimatha liti?

Funso limeneli ndimaliyankha mosamala, chifukwa wofunsa amafuna tsiku, ndipo tsiku palibe. Kuwawa kwa masiku oyamba, kuja kosalola kupuma, kumachepa ndithu. Mafunde amayamba kutalikirana. Koma amabwerabe: pa tsiku lobadwa, pa tsiku limene anamwalira, pa ukwati wa mwana pamene mpando wina uli wopanda munthu. Ena amadabwa kuti chaka chachiwiri chawalemera kuposa choyamba, dzanzi litachoka ndipo anthu atasiya kubwera.

Sigmund Freud, dokotala wa maganizo wa ku Austria, anaphunzitsa mu 1917 kuti ntchito ya wolira ndi kuchotsa mtima wake pa womwalira. Mu 1920 mwana wake wamkazi Sophie anamwalira ndi chimfine choopsa. Mu 1929, polembera mnzake Ludwig Binswanger amene nayenso anafedwa mwana, anavomereza kuti kuwawa kwakukulu kumatsika koma palibe chimene chimalowa m'malo mwa wopitayo. Bambo wofedwa anadziwa zimene mphunzitsi anali asanadziwe.

Chithunzi chimene chimandikhutiritsa ine ndi cha Lois Tonkin, mlangizi wa ku New Zealand, amene anachilemba mu 1996 atachimva kwa mayi wofedwa mwana. Mayiyo ankayembekezera kuti chisoni chake chizichepa. Sichinachepe. Moyo wake ndi umene unakula mochizungulira. Tili ndi liwu labwino la zimenezi: kusowa. "Ndimawasowa" limatanthauza kuti ndimawalakalaka, komanso kuti ndikawafuna sindiwapeza. Limeneli silitha ntchito.

Ndi liti pamene ndiyenera kufuna thandizo la akatswiri?

Ofedwa ambiri amadutsa ndi thandizo la abale, abwenzi ndi a chipembedzo chawo. Koma ochepa chisoni chimawamanga osawamasula. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika vutoli m'ndandanda wake wa matenda wa ICD-11, umene unayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. M'Chingerezi amati prolonged grief disorder. Ndi pamene kulakalaka womwalira kukudzaza tsiku lililonse, mwamphamvu, kwa miyezi yosachepera 6, kupyola zimene anthu a kwanuko amayembekezera, mpaka munthu akulephera kugwira ntchito kapena kudzisamala. Bungwe la madokotala a maganizo ku America limawerenga miyezi 12 kwa akuluakulu. Manambalawa si tsiku lotsekera kulira. Ndi chizindikiro choti thandizo lilipo, ndipo uphungu wokonzedwera vutoli umathandizadi.

Musadikire miyezi imeneyo ngati mukuganiza zodzipha kapena zotsatira malemu, ngati mwasiya kudya kwa masiku, ngati mowa kapena mapiritsi ndi amene akukugonetsani, kapena ngati zimene munaona pa imfayo zikubwerabwera m'maso mwanu ngati zikuchitika pompano. Uzani munthu lero lomwe, ndipo kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi. Inu amene mwauzidwa, musaope kufunsa molunjika kuti "mukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikumupatsa munthu ganizolo. Kumamutsegulira pakamwa.

Zovala zawo ndi nambala yawo ya foni ndichotse liti?

Mukadzakonzeka. Ngati n'kotheka, pewani zosankha zikuluzikulu zosabwezeka m'miyezi yoyamba, monga kugulitsa nyumba kapena kugawa zonse tsiku limodzi. Mauthenga a mawu ndi zithunzi zikopereni pena musanasinthe foni. Nambala ya mayi anga ikadali mu yanga.

Papita miyezi itatu ndisanapite kukapepesa, ndipo tsopano ndikuchita manyazi. Ndachedwa?

Simunachedwe. Mwina mwafika nthawi yabwino kuposa ena onse. Sabata yoyamba nyumba imadzaza, ndipo wofedwa sakumbukira n'komwe amene anabwera. Mwezi wachitatu foni imakhala chete, anthu abwerera ku zawo, ndipo m'pamene iye akuyamba kumva kukula kwa nyumbayo. Musakonze zifukwa zambiri, chifukwa mukatero iye ndi amene ayambe kukutonthozani inu. Chiganizo chimodzi n'chokwanira: "Pepani, ndinasowa chonena, koma ndakhala ndikukuganizirani." Kenaka tchulani dzina la malemu, mufunse mmene wadzukira lero, ndipo musanatsanzike mugwirizane tsiku lodzabweranso.